Apongozi pa Njinga Yamoto

Cornelius Makina anakwatira ku Nazombe, ndipo zaka zonse zimene anakhala pa chikamwini sanaione bwinobwino nkhope ya apongozi ake. Musaseke, ndikunena zoona. Mayi Margret, amake a mkazi wake Rozaria, ankawadziwira mawu, katsokomoledwe ka m'mawa, ndi zidendene zong'aluka zimene ankaziona zikuthawira m'munda akakumana panjira. Mayiwo ankapatuka n'kukagwada kuseri kwa chinangwa, nkhope ataloza kuphiri, iye n'kunyonyomala uko, chipewa chili m'manja. Moni ankapatsana choncho, wina akulankhula ndi mtengo, wina ndi dothi. Chinthu sankapatsirana pamanja. Wina ankachiika pansi, wina n'kudzatola.

Sikuti ankadana ayi. Mayi Margret akaphika kalongonda, mbale yoyamba inkapezeka pakhomo pa mkamwini itavindikiridwa bwino, mwini wake atazimiririka kale. Denga lawo likadontha, Cornelius ankalifolera iwo ali kumunda. Pamudzi ponse ankati mkamwini waulemu ndi ameneyu, ndipo iye zinkamukomera kumva choncho.

Ntchito yake inali ya ulangizi wa zaumoyo, m'bungwe lina mwa aja anasefukira m'midzi matipate atangobwera. Bungwelo linamupatsa njinga yamoto yofiira, koma lisanamupatse makiyi linamutumiza ku Limbe kukaphunzira kuyendetsa pakati pa malole ndi maminibasi. Mphunzitsi wake anali bambo wina wotsimphina, waukali ngati mavu. "Lole si mbale wako!" ankakuwa choncho. "Ngati sukuona nkhope ya dalaivala pa galasi lake, dziwa kuti iyenso sakukuona. Usalowe m'mbali mwake. Ukanyamula munthu, akhale motangadza, avale chisoti, akugwire m'chiuno zolimba." Cornelius anazisunga zonsezi pamtima, moti ankazibwereza kwa anzake pa bawo mpaka iwo kutopa naye.

M'mwezi wa Okutobala, nandolo atauma ndipo fumbi lili paliponse, matenda a uchembere anamuyamba Rozaria. Amake anali kumaliro kumudzi wina. Pa chipatala chaching'ono cha ku Chiringa anamwino anati mwana wagona mopingasa, ambulansi n'kuthamangira naye ku chipatala chachikulu cha ku Phalombe osadikira munthu. Cornelius anatsatira pa njinga yake. M'mawa mwake madokotala anati palibe kuchitira mwina, amupanga opaleshoni basi. Akumukankha pa kabedi ka matayala, Rozaria anagwira malaya a mwamuna wake.

"Mukanditengere amayi," anatero, milomo itauma gwa. "Ndikuopa ine. Ndikatsitsimuka ndiwapeze pano. Ndikapanda kutsitsimuka, mwanayu amulandire iwowo."

"Usatero, Roza. Ndibwera nawo lero lomwe."

Anafika pamudzi thukuta lili kamukamu, n'kupeza apongozi abwerako kumaliro, amanga kale phukusi: ufa, kapoto, mthiko, ndi nsalu zofunditsa mwana. Koma matola a m'mawa anali atapita kalekale, ndipo ena sankadziwika kuti adutsa liti. Wapansi akanakafika kutada. Panatsala njinga ija basi.

Cornelius anagwada pakona pa nyumba, maso pansi. Apongozi anali mbali ina ya khoma lomwelo.

"Amayi, mwana wanu alowa naye ku opaleshoni. Akukufunani."

"Ndamva, bambo. Nanga ndiyenda pa chiyani?"

"Pa njingayi."

Amayi ena amene anasonkhana pansi pa mtengo wa mango anaphulika kuseka, wina mpaka kuwomba m'manja. "Eee, koma matipate abwera ndi zambiri! Mpongozi ndi mkamwini mpando umodzi?" Mayi Margret sanaseke. Mwana wamkazi anali naye mmodzi yekhayo. Anamanga chitenje chachiwiri m'chiuno n'kutuluka cham'mbali, nkhope atabisa ndi nsonga ya duku.

Chisoti chinali chimodzi. Cornelius anachivula, anachiika pansi pakati pa bwalo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Muvale ichi, amayi."

Iwo anachiyang'ana. M'kati mwake munali monyowa ndi thukuta la mkamwini.

"Iyayi bambo, valani eni ake. Ine ndili ndi duku kale."

Sanalimbikire. Akanalimbikira bwanji, maso onse aja ali pa iye? Anakwera, anaimika njinga nji, n'kuyang'ana kutsogolo. Anamva kumbuyo kukutsika pang'ono. Mayi Margret anakhala cham'mbali monga ankakhalira pa njinga yakapalasa, miyendo yonse kumanzere, kumapeto kwenikweni kwa mpando, theka la thupi lili pa kaliyala. Phukusi lija analiika pakati pa iwo ndi msana wa mkamwini. Dzanja limodzi linagwira phukusi, linalo chitsulo cha kaliyala. Pa zonse zimene wotsimphina wa ku Limbe anaphunzitsa, panalibe n'chimodzi chomwe chimene chinatsatidwa pamenepo, ndipo Cornelius ankadziwa.

Msewu wa ku Chiringa masiku amenewo unali wafumbi, mabampu okhaokha. Ankayenda pang'onopang'ono, akumvetsera ndi msana. Akagunda dzenje phukusi linkamukhudza, kenaka n'kuchoka msangamsanga, apongozi atalikoka. Mawu anali pakamwa penipeni: mundigwire m'chiuno. Timawu tochepa chabe! Munthu woti ankaimirira pamaso pa mudzi wonse n'kumaphunzitsa za zimbudzi ndi za kulera osaphethira n'komwe, apa lilime linamuuma. Pa kamlatho kena anaima, injini osazimitsa.

"Amayi, kutsogoloku msewu waipa. Mugwiritse."

"Ndagwira, bambo."

Anagwiradi, koma chitsulo. Iye anaponda giya. Anadziuza kuti akangodutsa pa Migowi aima pamalo opanda anthu, anene poyera, kaya apongozi amuone ngati wopanda mwambo.

Pa Migowi linali tsiku la msika. Abale, amene sanaone Migowi pa nyengo ya nandolo asanene kuti anaonapo chipwirikiti. Mavenda atamwaza kaunjika mpaka mumsewu, masikelo atapachikidwa m'mitengo, njinga zakapalasa zikupepesuka ndi matumba, mbuzi zikudutsa pomwe zafunira, ndiye pakati pa zonsezi malole a ku Limbe odzatenga nandolo. Kutsogolo kwawo kunali chilole chimodzi chachitali, chokoka ngolo, matumba atasanjikizana mpaka kumwamba. Chinkayenda ngati chikudwala, chikuwalavulira utsi wakuda ndi fumbi kumaso. Mayi Margret anayamba kutsokomola, kutsokomola kobisa kuja, kwa munthu wosafuna kuvutitsa. Dzuwa linali litapendeka. Cornelius anaganiza za Rozaria akutsegula maso n'kupeza pambali pa bedi palibe munthu, mtima n'kumuwawa.

Pamenepo chilole chija chinapatukira kumanja, n'kusiya mpata kumanzere, pakati pa matayala ake ndi milu ya kaunjika. Mpata wabwinobwino, wokwana njinga. Cornelius anawonjezera moto n'kulowa.

Atafika pakati pa chilolecho m'pamene anakweza maso kufuna galasi la dalaivala. Sanalione. Anangoona mutu wa chilole ukukhota, ukubwerera kumanzere kutsogolo kwake. Dalaivala sankapereka mpata kwa munthu ayi. Ankangotenga malo kuti akhote bwino polowa pachipata cha depoti ya nandolo, ndipo sankadziwa n'komwe kuti pambali pake pali anthu. Ngolo yonse inayamba kutseka mpata uja.

"Ndigwireni!" Cornelius anakuwa. "Amayi, ndigwireni!"

Anakhotetsa mwamphamvu kumanzere, kulowa m'kaunjika. Pamsana anamva zala zikukhudza malaya ake, pang'ono chabe, ngati munthu wogogoda pakhomo pa eni. Kenaka njinga inapepuka.

Iye anakagwera pa mulu wa zovala, osasupuka ndi pang'ono pomwe. Mayi Margret anagwa chagada kumbali inayo, kumene kunali matayala a ngolo. Anthu anakuwa, ena kumenya chitseko cha chilole, koma pamene chinkaima chinali chitaponda kale. Dalaivala anatsika, anayang'ana kamodzi, anagwira kumutu, n'kuliyatsa liwiro la ku polisi anthu asanamugwire. Ufa uja unali mbwee pamsewu, kapoto kataphwatalala.

Anthu anazungulira, manja ali kunkhongo, aliyense "mayo, mayo," koma wogwira panalibe. Cornelius anawakankha, anagwada, n'kulowetsa manja pansi pa apongozi ake. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi sikunali koyang'ana kawiri. A Sulemani, bambo wina wogula nandolo amene anali ndi pikapu, anagwetsa matumba awo pansi n'kunena kuti, "Kwezani, achimwene, tiyeni msanga."

Kumbuyo kwa pikapu, mutu wa apongozi uli pamiyendo pake, m'pamene Cornelius anaiona nkhope ija. Inali ya Rozaria yeniyeni, mphuno yomweyo, kampata komweko pamano, kungoti yokalamba. Kumutu kunalibe duku, imvi zili poyera. Mayiwo anatsegula maso, anazindikira pamene agona, n'kuyesa kutembenuzira nkhope kumbali. Dzanja lawo linkafufuza chitenje kuti adzifunditse.

"Pepani bambo," ananong'ona. "Ndakudetserani malaya."

"Musalankhule, amayi. Tatsala pang'ono kufika."

"Ufa uja watayika. Mwana wanga adya chiyani?"

Cornelius ankalira poyera, misozi ndi mamina, osasamala za anthu a m'mbali mwa msewu. Anawagwira dzanja, ndipo iwo sanalichotse, kaya chifukwa chololera, kaya mphamvu zinali zitatha. Asanafike pa boma dzanjalo linalemera. A Sulemani anaona pa galasi, n'kuchepetsa liwiro okha osauzidwa.

Zimapsetsa mtima, inu. Munthu wamkulu ndi ndevu zake, wophunzira, wodziwa zonse zoyenera kuchita, kulephera kutsegula pakamwa pabwalo paja chifukwa choopa kusekedwa ndi amayi a pansi pa mango. Cornelius sankafuna womuuza zimenezi. Njira yonse yotsala ankazinena yekha, akumenyetsa mutu ku chitsulo cha pikapu. Akanati gwirani ine. Akanadikira kumbuyo kwa chilole chija, fumbi silipha munthu. Akanawaveka chisoti mokakamiza, iwo n'kumukwiyira chaka chonse, bola ali moyo.

Pachipatala anatenga thupi kupita nalo ku nyumba yachisoni. Namwino wina wachikulire, atamva nkhani yonse, anamukokera pambali.

"Akazi anu atsitsimuka," anatero. "Mwana wamkazi, ali bwinobwino. Koma mayiyo wataya magazi ambiri, ndi wofooka kwabasi. Lero musamuuze, mwamva? Mukamuuza lero muika maliro awiri."

"Ndiye ndikanene chiyani, mayi?"

"Kaya inu. Koma muonekere, wakhala akufunsa."

A Sulemani anamuveka jekete kuti abise malaya, n'kumumanga mabatani okha. Cornelius anasamba kumaso pa mpopi wa panja. Anayenda m'khonde lalitali la wodi ya amayi, akudutsa anthu odikirira odwala atakhala pansi ndi timapoto tawo, ambiri mwa iwo amayi achikulire, aliyense wabwerera mwana wake.

Rozaria anagona pa bedi la kumapeto, botolo la magazi likulendewera pamwamba pake, kamwana katakulungidwa m'nsalu ya chipatala pambali. Atamuona anamwetulira mofooka, maso n'kumudumpha iye kukayang'ana pakhomo.

"Mwabwera nawo?"

Cornelius anagwedeza mutu, osadziwa ngati akuvomera kapena akukana.

"Ndinadziwa," anatero Rozaria, n'kupuma mozama. "Ndiye anakwera njinga yanu ija? Amayi anga aja? Iii, koma ndikanaonako!" Anayesa kuseka, bala n'kumugwira, anatsinzina kaye mpaka ululu utapita. "Taonani mwana wanu. Sanasambe bwino, ndati adikire agogo ake. Ine sindidziwa kagwiridwe kake, ndikuopa kumuthyola."

Cornelius anawerama, anayang'ana kankhope kofiira kaja, koma sanakagwire. Manja anawabisa m'matumba a jekete.

Rozaria anayang'ananso pakhomo, kenaka kwa mwamuna wake, n'kupukusa mutu.

"Nanga inu mwaima pamenepo, alowa bwanji? Ngati simuwadziwa amayi. Tatulukani kaye, muwauze alowe adzaone mdzukulu wawo."

Cornelius anatuluka. Anaima pakhonde, msana utatsamira khoma, pamene mkazi wake sakanamuona. M'kati anamva Rozaria akukonza nsalu ya mwana, kenaka akuitana chapansipansi kuti asadzutse anzake.

"Amayi? Lowanitu, achoka."