Dzina la Boti la Che Rodgers

"Werenganso bwino," anatero Ajira. "Iye anati mawuwo akutanthauza golide wa pa mbale."

"Mbale yanji?"

"Ya mfumukazi ya ku Mangalande. Akuti golide weniweni amayamba waikidwa pa mbale kuti mfumukazi imuone."

Matilda, mphunzitsi wa pa sukulu ya pulaimale ku Lungwena, anaseka mpaka kutsamira makina osokera a mnzake. Ataona kuti Ajira sakuseka, anayang'ananso timawu ta m'kati mwa mphete ya Ajirayo: gold plated.

"Palibe za mbale apa, achemwali. Plated ndi kupaka. M'katimu ndi chitsulo wamba, golide angomupaka pamwamba ngati laimu pakhoma."

Ajira anayang'ana chala chake. Pamene pankakhala mphete panali mzere wobiriwira. Mpheteyo anamuveka ndi Rodgers, kalaliki wa boma wochokera ku Ntcheu, munthu wolankhula Chizungu ngakhale pogula bonya. Chifukwa cha iyeyo Ajira anakana mwamuna wa ku Chowe, ndipo bambo ake, Che Wadi, anatha Ramadani yonse osamulankhula. Pa Khirisimasi Rodgers anapita kwawo kukaona makolo, n'kubwerako ndi mkazi wa ukwati wa ku tchalitchi.

Mawa lake Matilda anabwera ndi dikishonale yake kuti mnzakeyo adzionere yekha. Ajira anaona, anakhutira, koma bukulo sanabweze msanga. Anapitiriza kutsegula masamba mpaka anaima pa kachithunzi: nsalu yakuda, chibade cha munthu, mafupa awiri opingasa.

"Apa alemba Roger. Ndi mbale wake?"

"Jolly Roger. Jolly ndi munthu wansangala. Koma mawu awiriwa akakhala pamodzi ndi dzina la mbendera ya achifwamba a panyanja zamchere, anthu osamvera boma lililonse."

"Mbendera yawoyawo?"

"Yawoyawo."

"Undibwereke bukuli," anatero Ajira. "Ndikufuna kuphunzira Chizungu."

Masiku amenewo Rodgers anali atangogula boti lamatabwa la injini, ndipo linali lisanapatsidwe dzina. Ajira anamupeza padooko akuyang'anira opaka penti.

"Che Rodgers, musathawe. Ndilibe nanu mlandu. Ndabwera kudzaona boti."

"Abiti Wadi, ndimadziwa kuti ndinu mkazi wozindikira. Za ukwatizi ndi makolo, mukudziwa."

"Ndikudziwa. Mulitcha chiyani? Musalembe zija za aliyense, Mulungu Alipo, Zonse ndi Nthawi. Inu ndinu ophunzira. Mlongo wanga wa ku hotela ku Makokola akuti azungu akaona munthu womwetulira ngati inu amati Jolly Roger."

Rodgers analitchula dzinalo kawiri, kulilawa.

"Ndimalidziwa kale limenelo," anatero. "Ndipo ndimaliganizira."

Lachisanu dzina linali litalembedwa mbali zonse ziwiri, zilembo zoyera pa penti yakuda. Rodgers anauza aliyense padooko, kumsika ndi ku ofesi kuti dzinalo analipeza yekha m'mutu mwake. Ajira anadikira milungu iwiri kuti pasatsale munthu amene sanamve. Kenako anakulunga dikishonale m'chitenje n'kupita kwa Che Jaffalie, tcheyamani wa nthambi ya chipani, amene ankakhala pakhomo la msika kuona ngati anthu ali ndi makadi a chipani.

"Ine ndine wosaphunzira, a tcheyamani. Ndangoona kuti mawu awa akufanana ndi a pa boti lija. Nanga chithunzichi n'chiyani?"

Che Jaffalie anayang'ana chibadecho nthawi yaitali. Anatuma anyamata achipani awiri kudooko kukatenga Rodgers, wachitatu kusukulu kukaitana mphunzitsi woti amasulire.

Matilda anafika ndi choko m'manja, napeza msika wonse utaima. Rodgers anali pakati, nsapato zake zonyowa. Matilda ataona buku, anayang'ana Ajira. Ajira anali kukonza mpango wake.

"Aphunzitsi, tiuzeni m'Chichewa."

Matilda anamasulira monga zinalembedwera, mawu ake akutsika.

"Dziko lino mbendera tili nayo kale," anatero Che Jaffalie. "Inu, Che Rodgers, inayi mukuikonzera boma liti?"

"A tcheyamani, ndi dzina langa chabe. Rodgers wansangala. Ndipo si ine, anandipatsa ndi Abiti Wadi awa."

"Ine?" Ajira anafunsa mofatsa. "Wa sitandade faifi ine, kuphunzitsa Chizungu a kalaliki? Si inu munandiphunzitsa kuti plated ndi mbale?"

"Anatiuza okha kuti analipeza m'mutu mwawo," anatero mayi wina wogulitsa tomato. Asodzi anavomereza. Onse anali atamva, ena katatu.

Anyamata aja anamuvula Rodgers lamba ndi nsapato, n'kumukhazika pansi m'chipinda chosungira matumba, kudikira galimoto ya ku boma. Mkazi wake anabwera akuthamanga ndi khadi la chipani la mwamuna wake m'manja, kulionetsa kwa aliyense, koma palibe analilandira. Ajira anamuyang'anitsitsa mkaziyo, kuyambira kumapazi mpaka ku ndolo. Mumtima mwake munali mozizira bwino, ngati wamwa madzi a mumtsuko.

Ajira anatambasula dzanja kuti atenge dikishonale. Che Jaffalie sanaipereke. Anali ataika chala pa chithunzi chija.

"Dikirani. A ku boma akabwera afuna kuona mbendera yeniyeniyo. Paboti paja pali mawu okha. Mbendera taiona m'bukumu, ndiye kuti pali munthu wakhala akuisunga m'nyumba mwake."

Anatsegula chikuto, n'kuyandikiza kumaso dzina lolembedwa ndi inki yabuluu. Matilda anapukuta choko pa siketi yake.

"Bukuli ndi la ndani?"