Mzinda Wonena Kuti Iwe

Azamba anaima pakati pa chipinda chopanda kanthu, ndodo yawo itatsamira pa matailosi oyera ngati mano oikirira, n'kumamvetsera bambo wa kampani yobwereketsa nyumba akutamanda zenera.

"Mukaima apa, madamu, chipatala ndi icho. Mphepo ya kuno siyotentha kwambiri, siyozizira kwambiri. Anthu ochokera kunja ngati inuyo amakonda kuno, madamu."

"Nanga manda, akuonekanso?" anafunsa Azamba.

Bamboyo anaseka kuseka kwa munthu amene sakudziwa ngati waloledwa kuseka. Dona, mwana wa mlongo wawo, amene anawayendetsa pa galimoto sabata yonseyo, anangoyang'ana kudenga. Dzina la Donalo anamupatsa ndi Azamba omwe, ataona momwe amalumphira matope.

Azamba anachoka kwawo ali mtsikana, atangomaliza kumene maphunziro a uzamba, n'kukatchona kudziko lozizira kumene dzuwa limasuzumira ngati mkamwini wamanyazi. Analandira ana a eni ake mpaka zala zinayamba kukana kupinda. Nyamakazi itakhazikika m'maondo, dokotala anawauza kuti mafupa awo akufuna kutentha, ndipo iwo anamuyankha kuti kutentha akukudziwa komwe kumakhala. Anabwerera kummwera ndi imvi, ndodo, ndi mabokosi a mabuku. Mabokosiwo tsopano anali pa lole kudoko, ndipo dalaivala anali ataimba kale kangapo. Dalaivalayo ankanyamuka m'mawa mwake, ndipo ankafuna kumva chinthu chimodzi chokha: katunduyu akatsitse mumzinda uti.

Mzinda wa kunyanja yamchere anali atauona kale. Unali wokongola ngati chithunzi cha pakalendala, ndipo woperekera zakudya pahotela anawayankha m'chizungu iwo atamupatsa moni m'chinenero cha amayi awo. Uwu wa kumapiri unali wachiwiri, wa misewu yosesedwa ndi mitengo ya maluwa yobzalidwa pamzere.

"Azakhali, tisataye nthawi," anatero Dona atatuluka panja. "Aliyense akudziwa kuti mzinda wabwino kummwera kuno ndi uno. Madzi saduka. Madokotala a mafupa ali pompano. Ine ndili pafupi. Atate anena kuti mukakana kuno, iwo asamba m'manja."

"Atate ako anabadwa atasamba kale m'manja. Ndinalipo."

"Azakhali."

"Watsala mzinda umodzi."

"Wa panjanji? Kulibe chilichonse kumene kuja. Ngakhale eni ake akuthawako."

"Ndinabadwira komweko. Ndikufuna ndikaulavulire ndi maso anga akuona, kenako tibwere tidzatenge makiyi a bokosi lako loyerali."

Anatsika mapiri dzuwa likukwera. Mitengo inayamba kufupika, udzu unayamba kufiira, ndipo mphepo yolowa pazenera inafika potentha ngati mpweya wa ng'ombe. Azamba anali atawerenga mabuku ambiri onena za anthu obwerera kwawo, ndipo onsewo ankanama chinthu chimodzimodzi. Ankati mtima umadumpha. Wawo unangonyansidwa. Nyumba ya kanema inali itasanduka tchalitchi cha zimkuzamawu. Laibulale, momwe anaphunzirira kuti dziko silithera pa sitesheni, munali mogulitsira makava a mafoni. Njanji yeniyeniyo inali itamera thengo, mbuzi zitagona pakati pake ngati zili ndi matikiti. Anthu amene anawasiyira mzinda uja sanausunge, ndipo sanaonekenso kuti akudziwa kuti anataya kanthu.

"Mwaona?" anatero Dona mofatsa.

"Ndaona. Ima apo, bondo lauma."

Dona anaimika galimoto pamzere wa masitolo akale n'kupita kukagula madzi. Azamba anatsika pang'onopang'ono, n'kukhala pa benchi la pakhonde la sitolo yogulitsa misomali, maloko ndi penti. Simenti inali yotentha mpaka kudutsa nsapato. Anatseka maso.

"Iwe Kanyimbi, choka pamenepo. Pamenepo ndi panga."

Azamba anatsegula maso. Pakhomo la sitoloyo panali mayi wokalamba, wamtali, wopindika pamwamba ngati mbedza, atanyamula bokosi la mahinjesi. Nkhope yake inali ya munthu wina, koma miyendo ija, yaitali ndi yopanda mnofu, sakanaisokoneza ndi ya wina aliyense. Anali Nthiwatiwa, amene anakhala naye desiki limodzi kusukulu ndi kumenyana naye pafupifupi chaka chilichonse.

Koma si dzina lachipongwe lija limene linawagwira. Linali liwu loyambalo, lakuti iwe. Azamba anafufuza m'mutu kuti analimva liti komaliza likulunjika pa iwo, ndipo sanapeze. Amayi awo anapita nalo kumanda. Bambo a kunyumba, amene ankalinena pokhapokha akakwiya, anapita nalo kumanda a kunja. Mlongo wawo ankati achemwali. Kudziko lozizira kuja kunali liwu limodzi loitanira mfumu ndi galu yemwe, ndiye silinkafunda kapena kubaya. Ndipo chifikireni, aliyense ankangoti inu, madamu, amayi, agogo, aliyense akuwasunthira mpando ndi manja awiri. Ulemuwo unali mpanda wometedwa bwino, iwo ali kunja kwake.

"Sunafe?" anatero Azamba.

"Ndinkadikira iweyo uyambe. Pa zonse unkafuna kukhala woyamba." Nthiwatiwa anaika bokosi pansi n'kuima atagwira m'chiuno. "Si iwe unaima pa sitesheni apo, sutikesi ili pamutu, n'kunena kuti mzinda uno ndi chimbudzi cha sitima? Anthu anamvatu. Amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Wako wakhala ukukudikira pano zaka zonsezi."

"Ndipo ndinanama? Tangouona."

"Sunaname. Koma chimbudzicho sichinabwere kwa iwe. Iweyo ndi amene wabwera."

Dona anafika ndi mabotolo a madzi Nthiwatiwa ali kumapeto kwa mawu amenewo. Anaima, nkhope itauma.

"Pepani mayi, awa ndi azakhali anga. Ndi munthu wamkulu. Muziwayankhula mwaulemu."

Nthiwatiwa anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi. "Uyu? Mwanawe, uyu tinkaba naye mango kunyumba ya mkulu wa sitesheni. Galu atatuluka, uyu anathawa, ine n'kundisiya m'mwamba ngati mleme mpaka dzuwa kupendeka."

"Ndikanakusiyanso lero," anatero Azamba. "Ndi miyendo imeneyo ukanangotsika ndi sitepe imodzi."

"Mwamumva? Kanyimbi sasintha fungo, ngakhale akwere ndege."

Azamba anamva chinthu chikukwera pachifuwa, ndipo anadabwa kuona kuti chinali kuseka. Anakubweza. Sanafune kumupatsa Nthiwatiwa chimenecho tsiku loyamba.

"Kuseri kwa sitoloyi kukadali zipinda zija?"

"Ziwiri. Amene ankakhalamo anathawa kutentha. Denga ndi lamalata, masana umawira ngati uli m'ketulo. Madzi amabwera akafuna. Si za anthu onunkhira sopo wa kunja."

"Mashelefu angalowe?"

"A chiyani?"

"A mabuku."

"Ukadali kudzionetsabe."

Dona anakhala pa mpanda wa khonde, n'kuyankhula motsitsa mawu, osati ngati wa pa ofesi tsopano koma ngati mwana. "Azakhali, musachite zinthu pofuna kupsetsa mtima atate. Kuno kachipatala kake mwakaona. Mukagwa m'bafa, ine ndili kuseri kwa mapiri. Ndidzamva mawa lake. Mwayenda dziko lonse, mwawerenga zonse zija, ndiye musankhe mzinda chifukwa munthu wakutukwanani?"

Mwanayo ankanena zoona, ndipo Azamba, amene anagwira ntchito m'zipatala moyo wawo wonse, ankadziwa bwino lomwe chimene chimachitikira nkhalamba yothyoka chiuno kutali ndi dokotala. Mantha anawafika, ozizira, odziwika ngati mnansi wakale. Anawalola akhale pambali pawo.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Kumapiri kuja ndidzakhala nthawi yaitali, sindikukana. Ndidzakhala ngati mbale ya alendo, yopukutidwa, ili m'kabati. Ndikadzafa adzati madamu aja atisiya, ndipo pofika madzulo chipindacho adzakhala atachikolopa. Kuno adzati Kanyimbi wafa, ndipo wina adzati zakhala bwino."

"Ine," anatero Nthiwatiwa.

"Wamva? Ndikufuna kukafera kumene wina angakondwe. Ndiye kuti ndinalipo."

"Atate akwiya."

"Uwauze kuti achemwali awo akuti asadandaule, sopo wosambira m'manja ndiwatumizira."

Foni inalira m'chikwama cha Dona. Anaitulutsa, anaona kuti ndi dalaivala wa lole, ndipo anaigwira kanthawi ikulirabe, ngati kuti ikasiya yokha nkhaniyo itha. Azamba anatambasula dzanja. Zala zinavutika kuigwira, koma sanalole kuthandizidwa.

"Eya, adalaivala. Mzinda wa panjanji. Ayi, simunamve molakwa. Mukafika pa sitesheni yakale mukhote kumanzere, mufunse sitolo ya misomali. Mukaona mayi wamtali wooneka ngati sanadyepo chibadwire, mwafika."

"Umuuze abwere ndi omutsitsira," anatero Nthiwatiwa. "Ine sindinyamula mabuku a munthu."

Dona anatenga foni yake n'kupita kukaima pafupi ndi galimoto, atawafulatira, mapewa akugwedezeka pang'ono. Azamba sanathe kudziwa ngati akulira kapena akuimbira atate ake, ndipo anamusiya. Madzi saiwala khwawa, koma palibe ananenapo kuti khwawalo limakhala lokongola.

Nthiwatiwa anatsitsa thupi lake lalitali pa benchi, mafupa akulira ngati chitseko chakale, n'kumukankha mnzakeyo ndi chigongono osamuyang'ana.

"Tasuntha, iwe. Watenga malo onse."

Kanyimbi anasuntha pang'ono, mocheperapo kuposa momwe anapemphedwera. Anakhala choncho mothinana, phewa ndi phewa, thukuta likutsika m'makosi, akuyang'ana msewu umene kutentha kunali kuvina pamwamba pa phula.