Chitenje cha Lonah pa Mathithi Ouma

Atafika pamalo oonera mathithi, Rodwell anayang'ana uku ndi uku. Madzi panalibe. Khoma lonse la mwala linali mbee, louma ngati chiwaya, timadzi tochepa tokha tikutsetserekera m'phompho. Unali mwezi wa Novembala, chaka cha 1995, ndipo mtsinje wa Zambezi unali utaphwa zedi.

"Kodi tafika, mwana wanga?" anafunsa atate ake, a Wilbroad, akuphethiraphethira.

Funso limeneli linamubaya Rodwell. Nkhalambayo inayenda masiku awiri pa basi kuchokera ku Chadiza chifukwa cha kalata yake yomwe, imene analemba mu Epulo mtsinje utadzaza, yodzitama kuti mathithi a Mosi-oa-Tunya amagunda mpaka kumveka ku Maramba, dera la m'tauni ya Livingstone kumene iye ankakhala. Anaiwala kulembamo kuti m'chilimwe mbali ya Zambia imauma. Tsono maso a nkhalambayo anali kutha, ndipo kuchipatala anali atawauza kuti chaka chamawa sadzaonanso kanthu. Iwo sanafune zambiri, koma kuona madzi aja maso asanatseke.

Rodwell ankayendetsa galimoto yonyamula alendo kuchokera ku bwalo la ndege, ndipo pakamwa anali katswiri. Anayamba kutchula zina zoti atate ake aone: nyumba yosungiramo zinthu zakale, masitima akale a malasha, zipembere za kupaki, azungu odumpha pamlatho atamangidwa chingwe m'miyendo. A Wilbroad anamvetsera mpaka kumapeto, nati zonsezo n'zabwino, koma madzi ali kuti? Madzi ankaoneka bwino munthu akaima mbali ya Zimbabwe, ndipo nkhalamba inalibe pasipoti.

Lonah, mkazi wa Rodwell, anali ataima kumbuyo chapatali, monga amachitira mkazi pamaso pa apongozi ake. Chifikireni nkhalambayo, iye sanayang'anizane nayo ngakhale kamodzi; chakudya ankatula atagwada, n'kuchoka msanga. Koma mayiyu, wogulitsa nsomba zouma mumsika wa Maramba, anali Mlozi, mwana wa msodzi, wokulira pamtsinje womwewu.

"Ba Rodwell, manzi yaliko," anatero motsitsa mawu. "Mtsinje ukauma so, munthu ayenda pamwamba pa miyala mpaka kuja kwamene yagwera. Njira ine niiziba."

Rodwell anagwira atate ake dzanja, nayamba nawo kuyenda pamiyala ya mtsinje woumawo. Sanapite patali. Nsapato zake zakuntchito zinaterereka, ndipo atasuzumira phompho kumanzere kwake, mwamuna wamkulu anangokhala pansi ndi mantha. Ndiye munthu amene tsiku ndi tsiku ankauza azungu kuti asaope ameneyo.

Apa zinthu zinavuta. Nkhalamba yosaona bwino sikanayenda yokha pamiyala yoterera, ndipo kwawo kwa a Wilbroad n'zosayerekezeka kuti mkazi wa mwana wako akugwire dzanja. Lonah ankadziwa zimenezi, ndipo sanafune kuwachititsa manyazi. Anamasula chitenje chapamwamba, poti anali atavala ziwiri, nachipota ngati chingwe. Nsonga imodzi anaiika pamwala pafupi ndi phazi la apongozi ake, inayo nagwira yekha.

"Ba tate, gwirani nsalu. Ine sinizakugwirani, koma sinizakusiyani."

A Wilbroad anavula nsapato, napatsira Rodwell, nakulunga nsonga ya chitenje m'dzanja mwawo.

Lonah ankayenda patsogolo, nkhope yake ili kumene akupita, akulankhula ngati akuuza mphepo: apa pali dzenje, apa pondani ndi lamanja, apa madzi afika m'mawondo. Nsalu ikakungika ankaima, ikalefuka ankasuntha. Pamalo ena nkhalamba inaterereka ndithu, Lonah anakhazika mapazi pamwala, nakoka mpaka inaimanso. Mantha anali nawo, pakuti akanalakwitsa phazi limodzi akanapha atate a mwamuna wake, koma mawu ake sananjenjemere. Anayenda choncho pafupifupi ola lathunthu, phokoso la madzi likukulirakulira.

Pa chilumba cha m'mphepete mwa phompho, Lonah anawauza apongozi ake kuti akhale pamwala, iye nakhala kumbuyo, nsalu ili chigwirire. Patsogolo pawo mtsinje wonse umene unatsala unkagwa pamodzi, woyera mbuu, utawaleza utaima mu nthunzi yake. Chinthu chachikulu chotero ngakhale maso okutha amachiona. A Wilbroad anayang'ana nthawi yaitali, nalira osabisa.

Atabwerera kumtunda anapeza Rodwell atakhala pamthunzi, nsapato za atate ake zili pamiyendo. Anafunsa mwamanyazi ngati aona, iwo nayankha kuti aona. Lonah anakoka chitenje chake pang'ono kuti avale, koma nkhalamba sinachisiye.

"Ichi ndipita nacho ku Chadiza, mayi. Mwamuna wanuyu akugulirani china."

Maso aja anatsekeka mu Januwale. Anthu obwera kudzawazonda ankawapeza pakhonde, chitenje chija chili paphewa, ndipo ambiri ankafunsa kuti ku Livingstone kuli chiyani choti mlendo akaone. A Wilbroad ankati mathithi aliko, n'ngaakuludi, koma amene akupita kumeneko ayambe wafika mumsika wa Maramba, pa benchi la nsomba zouma, akaone mpongozi wawo.