Kabowo ka DisplayPort

Otília anali profesora wa informatika, maphunziro a makompyuta, ku Malowera, ndipo kompyuta yake anailumikiza yekha, chidutswa ndi chidutswa. Inkayendera Linux, ndi mapulogalamu oyendetsa zithunzi amene aliyense ali ndi ufulu wowatsegula ndi kuwakonza. Loweruka, solala ikadzaza batire, ankasewera mpikisano wa magalimoto, koma galimoto ikathamanga chithunzi chinkang'ambika pakati. Mankhwala ake ankawadziwa: monitori yodikira kuti kompyuta imalize chithunzi chilichonse isanachionetse.

Mlamu wake Custódio ankayendetsa kamyao, lole yonyamula katundu, ya ku Tete. Otília anamulembera papepala kuti monitoriyo ikhale ndi kabowo ka DisplayPort. Patatha sabata Custódio anabwera akumwetulira, atasenza chitelevizao chachikulu cha mabowo a HDMI okhaokha. Anati mwini loja ataona pepalalo anaseka, nati mayi wakumudziyo wangokopera mawu osawadziwa, chapamwamba ndi HDMI yatsopano.

Otília anachilumikiza. Chithunzi chinang'ambika ngati kale. Sanadabwe, poti eni HDMI yatsopanoyo anakana kuti njira zake zilembedwe poyera, choncho mapulogalamu a Otília sakanatha kugwirizana nacho pa liwiro.

"Alamu, ndinakutumani kukapempha nzeru ku loja, kapena kukagula chimene ndinalemba?"

Custódio anayankha kuti bwanji osangoika Windows m'malo mwa Linux ngati anthu onse. Apo m'pamene mtima wa Otília unawira. Anamuuza kuti sangagwetse nyumba chifukwa wina wabweretsa chitseko chosakwana pakhomo, ndi kuti ulendo wotsatira akwera nawo.

Anapitadi, fumbi lili kobo, chitelevizao chili pamiyendo njira yonse. Mu loja anauza mwini wake kuti atembenuze mamonitori onse, imodzi imodzi, ndi kumusonyeza DisplayPort. Bamboyo analoza kabowo kolakwika kawiri.

"Ndi aka, kodulidwa ngodya imodzi," anatero Otília, makasitomala akumvetsera. "Munandiseka osandiona n'komwe."

Anasinthitsa ndi monitori yaing'ono. Pobwerera mvula inawatsekereza ku Chipera masiku awiri, bokosi atalifunditsa kapulana yake, nsalu yomwe ankafunda, iye akunyowa. Atafika anailumikiza, galimoto inayenda myaa, osang'ambika.

Patapita masiku, anamva kumsika kuti Custódio akuuza anthu zoti monitoriyo anasankha ndi iye. Otília anasiya tomato amene ankagula, nalunjika kunyumba kwa mlamu wakeyo.