Mpando Wogwirira Malo

Merle Tolliver sankakonda mapiri. Ankangokonda kunena kuti amawakonda. Anabadwira mumzinda wa Denver, kuseri kwa siteshoni ya basi, ndipo malo a zii ankamupweteketsa mutu. Komabe Lachitatu limenelo anapempha tchuthi kusitolo ya matayala kumene ankagwira ntchito, n'kuuyatsa ulendo wa ku paki ya boma ya ku chigwa cha Magpie. Msewu wake wokhotakhota ngati matumbo. Kumbuyo kwa galimoto kunali katundu mmodzi yekha: mpando wopinda wa chinsalu chobiriwira.

Nkhani inali ya Kendra, mwana wake yekhayo. Chithereni banja la Merle ndi Renae, Kendra anatopa n'kufunsidwa kuti tchuthi akachitira kwa ndani. Chaka chino anawatumizira onse awiri uthenga umodzi pafoni. "Ine ndi Otis tidzafika Loweruka pa nambala naini ngati kale. Amene ndidzam'peze pamenepo ndi yemweyo. Musandiimbire."

Otis anali mdzukulu. Merle anamuona komaliza asanamere mano.

Mwa malo omangapo misasa m'pakiyo, nambala naini ili kumapeto kwenikweni, pamene nthaka imathera. Pali tebulo, chitsulo chowotcherapo nyama, mitengo ya paini, kenako phompho. Pansi penipeni pali mtsinje wooneka ngati ulusi. Malo ena anthu amasungitsiratu pa intaneti chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chisanasungunuke. A m'mphepete mwa phompho ayi. Wofika msanga ndiye mwini. Mwambo wake aliyense amaudziwa: ukaika mpando, malo agwidwa. Anthu omwewa m'tauni amatukwanizana polimbirana poimika galimoto. Kuno mpando wopanda munthu amaulambalala mwaulemu ngati manda.

Merle anapeza pa nambala naini palibe munthu. Anatambasula mpando pakati penipeni, n'kuusanjika mwala kuopa mphepo. Maganizo ake anali oti agone m'galimoto mpaka Loweruka. Anakhala patebulo. Anayang'ana chigwa. Miyala yofiira, yambirimbiri, yosachita kanthu. Anatulutsa foni, netiweki panalibe. Mbalame ina inalira, n'kusiya. Anayang'ananso chigwa chija. Chinali chomwechija.

Dzuwa lisanapendeke anali ali pamsewu wobwerera ku Denver, wailesi ili pamwamba.

Kutauni anagula tenti, thumba logonamo, malaya a mapiri, bokosi la ayezi, mowa, nyemba zam'chitini ndi kalole kachikasu ka pulasitiki ka Otis. Zonse zatsopano. Zakale zija zinatsala kwa Renae pamodzi ndi nyumba ndi galu.

Lachisanu anabwerera akuimba mluzu. Atakhota pa mitengo ya paini ija, mluzu unathera m'kamwa.

Pa nambala naini panaima chigalimoto chogonamo, choyera, chachitali ngati basi. Chinatchinga chigwa chonse. Pambali pake anatambasula khonde la chinsalu, pansi anayala kapeti wa udzu wabodza. Jenereta inkalira. Boyd, mwamuna watsopano wa Renae, dokotala wa mano wopuma pantchito, ankatembenuza masoseji atavala epuloni. Renae anali atakhala pampando wobiriwira uja, miyendo ataisanjikiza.

"Bambo a Kendra, mwafika," anatero Renae, osadzuka. "Msewu unali bwanji?"

"Renae, malo ano ndi anga."

"Anu? Boma lakugulitsani liti?"

"Ndinaika mpando Lachitatu."

"Uti?"

"Wakhalirawo."

"Achimwene, soseji?" anatero Boyd, akumulozetsa foloko. Chidziwiraneni ankamutchula choncho. Merle akamva mawuwo mano ankamuyabwa.

Renae anadzuka pang'onopang'ono, ngati munthu amene wakhala akuyeserera chidzukireni m'mawa. Anatembenuza mpando. Kunsi kwa chinsalu kunali dzina lolembedwa ndi utoto wofiira wa m'zikhadabo: RENAE. Merle anali ataiwala. Mkazi ameneyu ankalemba dzina pa chilichonse, mbale, tochi, ngakhale nyundo.

"Ndinaufunafuna mpando umenewu," anatero. "Mpaka ndinam'ganizira mwana wa aneba. Kani unasamuka ndi inu. Titafika dzulo ndinati, Boyd, taona, mpando wanga wanditsogolera."

"Anaterodi," anavomereza Boyd.

"Ndinaunyamula ndine. Ndinauika ndine. Mwalawo ndinatola ndine."

"Mwalawo tengani, ndi wanu."

Merle anapita kuchipata kukadandaula. Woyang'anira misasa anali mayi Pruitt, amene ankakhala m'kagalimoto kogonamo chilimwe chonse, iwo ndi kagalu kopanda mano. Anawapeza akuthirira maluwa obzalidwa m'tayala. Anamumvetsera mpaka kumapeto, payipi ili m'manja.

"Munagonapo?"

"Ndinali ndi zochita kutauni."

"Ndiye kuti lamulo la boma silikukudziwani, bambo. Limadziwa wogonapo. Kwatsala mwambo. Mwambo umati malo ndi a mwini mpando."

"Koma anauika ndine."

"Ndiye munawagwirira ganyu. Akuthokozeni."

"Mayi, mdzukulu wanga akubwera mawa. Akatsikira pamenepo."

Mayi Pruitt anatseka payipi. Anamuyang'ana ngati akumumvera chisoni, koma osati kwambiri.

"Kwatsala malo amodzi. Nambala sate wanu. Thamangani, kukubwera anthu."

Chimene nambala sate wanu inatsalira chinali chosabisika. Kumanja zimbudzi. Kumanzere zibini zachitsulo zokhoma kuopa zimbalangondo. Kutsogolo mpopi, ndi kabwalo ka mchenga kokhala ndi katungwe, kotchingidwa ndi mpanda. Chigwa sichinkaoneka n'komwe. Munthu akanatha kuganiza kuti ali kuseri kwa sukulu.

Merle anakhuthula tenti m'katoni. Munatuluka chinsalu, zingwe, ndi timitengo tolumikizana tokha ngati mafupa a nkhuku. Zaka zonse zija tenti ankamanga ndi Renae. Iye nthawi imeneyo ankapita kukaona za nkhuni, n'kubwera zonse zitatha, n'kugwedeza chingwe chimodzi kuti aone ngati chalimba. Anthu akamafunsa ankati, "Ife timamanga msasa chaka chilichonse."

Analowetsa kamtengo apa, kanatulukira apo. Anakoka uku, uko kunagwa. Anthu opita kuchimbudzi ankachepetsa liwiro kuti aonerere. Mayi wina anam'funsa ngati akuyanika.

Kenako kunabwera Boyd, nyundo ili m'manja. Pachigwiriro pake panali utoto wofiira uja.

"Achimwene, denga mwaliika pansi."

"Ndikudziwa. Ndimafuna lione kaye mphepo."

"Chabwino. Tagwirani apo."

Boyd anagwada mu fumbi ndi kabudula wake woyera. Posachedwa tenti inaima. Anaigwedeza, n'kupukuta manja.

"Ndikuuzeni chilungamo," anatero motsitsa mawu. "Ine phompho lija limandichititsa chizungulire. Mawindo a mbali imeneyo ndatseka makatani. Ndimaonera mpira pa TV."

"Ndiye mwabwereranji?"

"Inu mwabwereranji?"

Merle anagwedeza chingwe chimodzi. Boyd anatola nyundo ya mkazi wake n'kumapita.

Loweruka m'mawa Merle anakhala pa bokosi la ayezi, popeza mpando analibe. Anawiritsa khofi, inapserera. Chitseko cha chimbudzi chinkati pho, kenako pho. Aliyense wotulukamo ankamupatsa moni, ngati iye ndiye mwini wake. Bambo wina anam'dandaulira kuti mapepala atha.

Galimoto ya Kendra inalowa dzuwa litakwera. Yabuluu, yodzaza mpaka kudenga. Merle anaimirira, n'kukweza dzanja. Kendra sanamuone. Maso ake anali kutsogolo, ku nambala naini. Pawindo lakumbuyo panaoneka kamutu ka tsitsi lofiirira, basi. Fumbi linatsala likutera mu khofi.

Merle anakhalanso pansi. Anatenga kalole kachikasu, n'kuzunguliza tayala ndi chala. Matayala ake anali abodza, osapopa. Anaganiza zopita kukapereka moni. Anadziona ataima pa udzu wabodza, kalole kali m'manja, Boyd akumupatsa soseji. Anaganiza za Denver. Akananyamuka pompo akanakafika malo omwera khofi asanatseke. Anayang'ana tenti. Kuigwetsa sankadziwanso.

Ali mkati moganiza choncho, galimoto yabuluu inatulukira kuchokera kumene inalowera. Inaima pa nambala sate wanu. Kendra anatsika, nkhope ili mbuu, mwana atam'panira m'khwapa ngati chikwama.

"Adadi, muli ndi malo?"

"Chachitika n'chiyani?"

"Ndangomutsitsa pansi kuti nditsegule kumbuyo. Potembenuka, uyo, akuthamangira kuphompho. Akuseka. A Boyd ndi amene amugwira malamba a buluku." Anapuma kaye. "Ndili mwana munkandisunga bwanji pamalo amene aja?"

"Mayi ako ankakumangirira chingwe kutebulo."

"Musanditero."

"Chingwe chake chinali ndi dzina."

Kendra anatsitsa mwana. Otis anaima, miyendo ili tang'a, n'kuyang'ana dziko. Anali ndi mano anayi. Ananyamuka ndi liwiro la munthu woledzera, molunjika kukabwalo ka mchenga, n'kukagunda mpanda. Anakhala pansi. Anadzuka, n'kukagundanso mbali ina. Kulikonse kumene ankapita, mpanda unalipo. Kendra anatulutsa mpweya wautali.

"Malo abwino bwanji," anatero. "Mpopi pompa. Chimbudzi pompa."

Merle anakhosomola. "N'chifukwa chake ndinasankha kuno. Ndinaganizira mwanayu."

"Adadi."

"Ndikunena zoona. Kuja n'kwa anthu ojambula zithunzi."

"Adadi, mpaka lero simumadziwa kuti akuyenda. Komanso amama andionetsa mpando."

Merle anapita kukatenga kalole. Otis anakalandira, anakayang'ana, n'kukaponya kutali. Anakonda katoni ya tenti. Analowamo, n'kutuluka, n'kulowanso. Kenako anabwera kudzagwira bondo la Merle ndi manja a mchenga, n'kumuyang'ana m'mphuno nthawi yaitali. Merle anamunyamula. Anali wolemera kuposa mmene ankaganizira, wofunda, wonunkhira nthochi. Chitseko cha chimbudzi chinati pho. Otis anaseka. Chinatinso pho, anasekanso. Merle anaona kuti chitseko chimenechi anachiweruza msanga.

Kendra anamanga tenti yake pafupi ndi ya bambo ake, mosayang'ana n'komwe, ngati mayi ake. Anadya nyemba. Merle anayamba kukonza m'mutu mmene adzafotokozere anzake kusitolo Lachiwiri. Mbali ya mpando anaichotsamo.

Masana, pamsewu wa fumbi panatulukira munthu. Ankayenda mosafulumira, chipewa chachikulu kumutu, chinthu chobiriwira paphewa. Kumbuyo kwake chigalimoto choyera chinkabwera chikukwawa, nthambi za paini zikuchikanda denga.

Renae analowa pa nambala sate wanu osaodira. Anayang'ana uku ndi uku, n'kusankha pakati penipeni, pamthunzi. Anatambasula mpando. Anakhala.

"Ayi," anatero Merle. "Pano ayi. Ndinagonapo. Lamulo likundidziwa. Kafunseni mayi Pruitt."

Mayi Pruitt anali akudutsa pa kangolo kawo ka batire, kagalu kali pamiyendo. Anayang'ana Merle, anayang'ana mpando.

"Akunena zoona bamboyu," anatero. "Malo ndi awo. Akafuna, ndikuchotsani." Anaimitsa kangolo, n'kudikira.

"Mwamva, bambo a Kendra," anatero Renae, akukonza chipewa. "Ndithamangitseni."

Kendra anali atagwada pakhomo la tenti yake, thewera lili m'manja, akuyang'ana bambo ake. Makiyi a galimoto anali pambali pake, pa udzu. Merle anawaona. Anaonanso Otis, amene anali atagona pachifuwa pake kukamwa kuli yasa, dovu likunyowetsa malaya atsopano a mapiri.

"Akhale," anatero. "Alendo anga."

"Alendo," anabwereza Renae, ngati akulawa mawuwo. "Boyd, wamva? Tachitiridwa ulemu."

Mayi Pruitt analiza kangolo n'kumapita. Chigalimoto chinayamba kubwerera chammbuyo, chikulira pii, pii, mpaka chinatchinga zibini, mpopi ndi theka la thambo. Ku nambala naini kunatsala tebulo, mitengo ya paini ndi phompho, ndi mwala wa Merle. Pasanathe nthawi anyamata ena a njinga anali ataponyapo kale chipewa.

Merle anakhala pa bokosi la ayezi, osagwedezeka kuopa kudzutsa mwana. Msana unkamupweteka. Kuzizira kunkalowa m'buluku. Jenereta inayamba.

Boyd anatsika, anayala udzu wake wabodza, n'kubwera kudzaima patsogolo pake akusisita manja.

"Achimwene," ananong'ona, "tanyamukani pang'ono. Ndaona ngati muli mowa m'menemo."