Kabuleta ya Galimoto ya a Pilato

Kuseri kwa nyumba ya a Pilato ku Chinakanaka kunali galimoto yaing'ono yofiira, ya mipando iwiri, yopanda denga. Inali yakalekale, ya mtundu wa MG. Anaigula ili chiphakasa pamene esiteti ya tiyi imene ankagwirako ntchito inkataya zinthu zakutha, ndipo atapuma ntchito anayamba kuiukitsa pang'onopang'ono. Odutsa pamsewu ankaseka kuti mdalayo akuweta dzimbiri.

Mwana wawo womaliza, Diana, mphunzitsi wa ku Milonde, atanena kuti ukwati wake ukhala m'nyengo yozizira, a Pilato analonjeza pamaso pa banja lonse. "Kutchalitchi ndikakutula ndine, pagalimoto imeneyi."

Injini inali itatheka. Chinatsala ndi kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Galimotoyo inachokera kwawo ili ndi makabuleta awiri ogundizana ngati mapasa, ndipo a Pilato anali atawatsuka mpaka kuwala mbee. Koma mnzawo wakale, a Hussein, ogulitsa masipeyala pa Muloza, anafika tsiku lina ndi katoni panjinga ya kabaza. Munali kabuleta imodzi yatsopano yochokera ku Milange, pamodzi ndi paipi yake yomangirira.

"Ikani iyi, achimwene," anatero a Hussein. "Mukangomanga basi, kiyi kamodzi yalira. Mapasa anuwo ngovuta, amafuna kunyengerera ngati mkazi wanjala."

"Ndiye ikhalanso MG?" anayankha a Pilato. "Mawu ake ali m'mapasamu. Ine ndinkaimva ikukwera mtunda wa kufakitale ndili mnyamata, mtima wanga n'kumathamanga nayo limodzi."

A Hussein anangosiya katoniyo pakhonde. "Ikhale pompa. Siidya chimanga."

Makabuleta awiri amafunika kupuma mofanana. Munthu amatenga paipi yalabala, mbali ina kukhutu, ina pakamwa pa kabuleta, n'kumamvetsera mpweya ukulowa, uku akupotokola sikuluwu mpaka onse alire chimodzimodzi. Loweruka m'mawa a Pilato analiza injini n'kuika paipi kukhutu. Sanamve kanthu. Anasinthira khutu lina. Munangomveka kulira kwa nkhululu kumene kunawakhalira m'mutu chichokereni m'phokoso la makina opukusa tiyi. Anauzira m'paipimo poganiza kuti mwina yatsekeka, koma inali bwinobwino.

Anakhala pachitsa, paipi ili m'manja. Kuti makutu awo akutha ankadziwa kale, poti kutchalitchi ankangotsata milomo ya abusa. Koma sanaganizepo kuti angawakanike pa ntchito iyi.

Diana anawapeza pomwepo. Anayang'ana paipi, n'kuyang'ana nkhope yawo.

"Ababa, bweretsani ndimvetsere ine. Inu muzipotokola."

Anayesa mpaka dzuwa kufika pamutu. Diana ankati yakutsogolo ikulira kwambiri, kenako yakumbuyo, kenako n'kuvomera kuti kwa iye zonse zikungoti fwiii. Anaseka awiriwo, n'kukwera galimoto kuti akaiyese. Pamalo osalala galimoto inathamanga bwino, tiyi wobiriwira akudutsa mbali zonse. Itafika pamtunda inayamba kutsokomola, kenako n'kuzima. Fungo la petulo linadzaza ponse. Anyamata a kabaza ndiwo anathandiza kuikankha pobwerera, Diana akuwongolera, bambo ake akukankha nawo kumbuyo, thukuta kamukamu.

Atafika kunyumba Diana anawapatsa madzi. "Musadzivute, Ababa. Kingstone akhoza kubwereka galimoto kuntchito kwake." Kingstone ndiye anali mkwati.

 M'maganizo mwawo a Pilato ankaona mwana wawo ali m'diresi loyera, ataima m'mbali mwa msewu, galimoto itazima, anthu akumuloza. Anaona kuti mawu a injini amene akukakamirawo, ngakhale atatuluka bwanji, iwo sangawamvenso. Madzulo asanafike anamasula mapasa aja, kuwakulunga m'nsalu yamafuta, n'kutumiza uthenga ku Muloza.

A Hussein anabwera m'mawa mwake. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangovula jekete n'kufunsa kumene kuli masipanala kuti amange kabuleta ya m'katoni ija.

Tsiku la ukwati kunacha ndi chiperoni, phiri lonse litabisala m'nkhungu, koma mvula siinagwe. Galimoto inalira kiyi kamodzi. Pamtunda uja inakwera osatsokomola, ndipo a Pilato ankaimva injiniyo m'zikhatho, chiwongolero chikunjenjemera. Diana anagwira chophimba kumutu ndi manja awiri kuti chisauluke.

"Ikulira bwanji?" anafuula a Pilato.

"Ngati galimoto, Ababa!" anafuula naye, akuseka mpaka misozi.

Mwambo utatha, amayi ake a Kingstone, mayi wamkulu thupi wovala chilundu chatsopano, anabwera mwamanyazi kudzafunsa ngati asewere awo angawazungulitseko pang'ono pabwalo la tchalitchi. Atatsika, amayi a mvano anali atandanda kale pamzere. A Pilato anawanyamula mmodzimmodzi, aliyense akuimba nthungululu pokhota, ndipo kumadyerero anafika mochedwa, nkhuku itatha.