Lamba Wofiira M'munda wa a Tzoc

Khasu la a Baltazar Tzoc linagunda chinthu cholimba ali mkati mokumba dzenje la chimbudzi kumalire a munda wawo, kumtunda kwa tauni ya Zacualpa. Ankayesa muzu. Atapalasa ndi dzanja anaona nsapato yamphira, m'kati mwake muli mafupa a phazi la munthu.

Anatuluka m'dzenjemo. Nkhondo yapachiweniweni ya m'dzikomo inatha mu 1996, koma m'mudzimu inasiya anthu pawiri: mabanja omwe abale awo anasowa, ndi mabanja omwe amuna awo ankalondera mudzi mokakamizidwa ndi asilikali. Malemu bambo awo a a Baltazar anali mmodzi wa olonderawo.

"Ndingokwirira basi," anauza akazi awo, a Marcela. "Zikamveka, anthu anena kuti anapha ndi bambo anga. Tikhala bwanji pamudzi pano?"

"Inutu mumaopa ngakhale nkhuku yofungatira," anatero a Marcela. "Munthu ameneyo alibe kwawo?"

Sanadikire yankho. Anapita kukatenga a Eulalia, azaumoyo a m'mudzimo.

A Eulalia anasuzumira m'dzenje n'kulivundikira ndi matabwa. Anafotokoza modekha kuti mafupa otere sakhudzidwa kapena kusunthidwa. Zimanenedwa ku boma, ndipo kumabwera akatswiri odziwa kufukula. Za munda, anati palibe awalande.

"Mwana saimbidwa mlandu wa bambo ake, a Baltazar. Koma mukakwirira lero, ndiye kuti munthuyu mwamubisa ndinu kachiwiri."

Mawuwo anawalasa a Baltazar. Anavala chipewa, napita limodzi kukanena.

Akatswiri anabwera, anafukula pang'onopang'ono ndi timaburashi, n'kutenga mafupawo kukawayeza. Patapita miyezi anayala zovala za malemuyo pamphasa m'tchalitchi, monga amachitira, kuti aliyense amene anasowetsa mbale adzaone. A Baltazar anaima kukhomo.

Mayi Sebastiana Ixcoy, oyandikana nawo munda, chithereni nkhondo anali asanalankhulepo ndi munthu wa kwa a Tzoc. Anayenda motsamira ndodo, mpaka anaima pa lamba wofiira woluka pamanja. Anagwada.

"Kambalame kokhota aka ndinaluka ndine," anatero. "Ndinali ndisanadziwe kuluka. Mwamuna wanga Melchor anandiseka zedi, koma lambayu sankamuvula."

Akatswiri anayeza malovu a mwana wamkazi wa mayi Sebastiana n'kuyerekeza ndi mafupawo, ndipo zinatsimikizika kuti malemuyo analidi a Melchor.

Tsiku la maliro mudzi wonse unabwera, mbali zonse ziwiri. A Baltazar anadzipanikiza kumbuyo, manyazi atawagwira, akudikira kuti wina awaloze chala. Amene anawalozadi anali mayi Sebastiana, ndi ndodo yawo.

"Mwanawe, ukubisaliranji kumeneko? Wamutulutsa m'dothi ndiwe. Bwera udzagwire bokosi."

A Baltazar ananyamula bokosilo paphewa mpaka kumanda, misozi ili chuchuchu, osaipukuta n'komwe. Chimbudzi anadzachikumba mbali ina, a Marcela akuwaseka kuti ulendo uno ayambe apemphera.

Mukapeza mafupa a munthu pokumba, musakhudze, musasunthe, musakwirire. Vundikirani pamalopo ndipo kaneneni ku boma. Pali banja lomwe likumudikirabe munthu ameneyo, ndipo mwina ndi lomwe mwagundana nalo malire.